Robert Flaherty, tate wa makanema oonetsa moyo weniweni wa anthu

Mu caka ca 1916, mu mzinda wa Toronto ku Canada, ndudu ya fodya inagwera pa mipukutu ya filimu ndi kupsereza zithunzi zimene bambo Robert Flaherty anajambula pakati pa anthu a mtundu wa Inuit. Filimu ya masiku amenewo inali kuyaka ngati udzu wouma, ndipo mafiti 30,000 anasanduka phulusa.

A Flaherty anabadwa pa 16 February 1884 ku Iron Mountain, m'cigawo ca Michigan ku America. Atate awo anali a nchito za migodi, ndipo iwonso anatsata phazi lomwelo. Kucokera mu 1910 anali kufufuza miyala ya citsulo m'mbali mwa nyanja yozizira ya Hudson Bay, atatumidwa ndi Sir William Mackenzie, mkulu wa njanji. Kamera anainyamula mu 1913 monga katundu wapadera cabe.

Moto uja utacitika, a Flaherty anazindikira kuti zimene zinapsa sizinali zogwira mtima: zinali zithunzi zomwazika, zopanda munthu womulondola. Anaganiza zobwerera kukajambula banja limodzi lokha. Kampani yogula zikopa ya Revillon Frères inapereka ndalama, ndipo mu 1920 anafika ku Inukjuak kumene anakhala pafupifupi caka cathunthu.

Nchito yaikulu inagwiridwa ndi eni dziko. A Inuit anaphunzira kukonza kamera ikauma ndi cisanu, anatunga madzi pansi pa madzi oundana otsukira filimu, ndipo anali kuonerera zimene zajambulidwa ndi kupereka nzeru ya zofunika kujambula. Mlenje wina, Allakariallak, ndiye anapatsidwa dzina lakuti Nanook.

Koma zambiri zinali zokonzeratu. Pa nthawiyo alenje a kumeneko anali kale ndi mfuti, koma a Flaherty anawapempha kusaka nyama zazikulu za m'nyanja ndi mikondo monga makolo awo, cinthu cimene cinaika miyoyo yawo pa ciswe. Nyumba ya madzi oundana imene ioneka m'kanemayo inamangidwa yopanda mbali imodzi kuti kuwala kulowe. Mai amene aoneka ngati mkazi wa Nanook sanali mkazi wake. Coipitsitsa ndi pamene mlenjeyo aluma mbale ya galamafoni ngati saidziwa, kuti azungu aseke.

Kanema ya Nanook of the North inatuluka ku New York mu June 1922 ndipo inachuka pa dziko lonse. Allakariallak anamwalira patapita zaka zosaposa ziwiri. A Flaherty anali kuuza anthu kuti anafa ndi njala, koma ofufuza ambiri akhulupirira kuti cinali cifuwa ca TB.

Pambuyo pake anajambula Moana ku Samoa, ndipo polemba za kanemayo mu 1926, John Grierson wa ku Scotland anagwiritsa nchito liu lakuti documentary, limene linakhazikika. Kunatsatira Man of Aran mu 1934 ndi Louisiana Story mu 1948. Akazi awo, mai Frances Hubbard Flaherty, anali nawo pa nchito yambiri imeneyi, ngakhale ulemu unali kupita kwa amuna awo.

A Flaherty anamwalira pa 23 July 1951 ku Vermont ali ndi zaka 67. Mu 1989, laibulale ya nyumba ya malamulo ya America inaika Nanook pa makanema 25 oyamba oyenera kusungidwa.

Ku Inukjuak anasiyako mwana wamwamuna amene anabala ndi mai uja wa m'kanema, ndipo sanamuvomereze poyera mpaka imfa. M'zaka za m'ma 1950 mwanayo anali mmodzi mwa a Inuit amene anasamutsidwira kumpoto kwenikweni, ku malo a mdima ndi njala, pa dongosolo la boma la Canada. Bomalo linapepesa mu 2010.