Sayyid Barghash: Sultan yemwe dziko lake linagawidwa iye akuona

Ife a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota, Salima mpaka ku Mangochi, timadziwa kuti Chisilamu chinatipeza kudzera m'njira za malonda zochokera ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Lero tikumbutsane za mfumu yomwe inkalamulira kumathero a njirazo pa nthawi imene maufumu a ku Ulaya ankazilimbirana. Mfumuyo ndi Sayyid Barghash bin Said, Sultan wa Zanzibar kuyambira 1870 mpaka 1888.

Bambo ake, Sayyid Said bin Sultan, anali mfumu ya ku Oman yomwe inasamutsira likulu lake ku Zanzibar. Atamwalira mu 1856, ufumu unagawika pawiri: mwana wina, Thuwaini, anatsala ndi Muscat, pomwe Majid anatenga Zanzibar. Mu 1859 Barghash anayesa kulanda mpando wa mkulu wake Majid, koma Angerezi anathandiza Majid, ndipo Barghash anapirikitsidwira ku Bombay m'dziko la India. Kumeneko anaona mzinda wamakono, ndipo anadzioneranso mphamvu za Angerezi. Majid atamwalira mu 1870, Barghash anakhala pa mpando.

Chuma cha ufumuwu chinkachokera kumtunda kuno. Amalonda ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, nabwerera ndi minyanga ya njovu komanso anthu ogwidwa ukapolo. Zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkawolotsa katundu panyanja kupita kutsidya la kum'mawa, kuchoka apo n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. Jumbe ankadzitcha woimira Sultan ndipo ankakweza mbendera yake. Mafumu a Chiyao monga Makanjira, Mataka ndi Mponda nawo ankatumiza amtengatenga awo kugombe. Apa tisabise mawu: njira yomwe inatibweretsera aphunzitsi a Qur'an ndi yomweyonso imene inatenga abale a makolo athu, ambiri osabwereranso. Kusaka anthu aufulu n'kuwagulitsa ndi kupondereza koletsedwa m'chipembedzo chathu, ngakhale wochitayo atakhala Msilamu.

Mu 1872 namondwe anawononga zombo za Sultan ndi minda ya karafuu pa chilumba cha Unguja. Chaka chotsatira, dziko lidakali pa umphawi, Angerezi anatumiza Sir Bartle Frere kudzamuuza kuti athetse malonda a akapolo a panyanja. Barghash anakana poopa kuti eni minda ndi amalonda amuukira. Kazembe wa Britain, John Kirk, yemweyo amene anafika pa nyanja yathu pamodzi ndi David Livingstone mu 1859, anamuopseza kuti sitima zankhondo zitsekera chilumbacho. Mu June 1873 Barghash anasaina panganolo, ndipo msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa. Chinali chinthu choyenera, koma kuyambira pamenepo mpando wake unatsamira pa Angerezi. Mu 1875 anakacheza ku Britain, ndipo pambuyo pake asilikali ake ankaphunzitsidwa ndi Mngerezi, Lloyd Mathews.

Pa chitukuko, Barghash sanagone. Anakokera madzi a m'mipope mu mzinda wa Zanzibar, anamanga malo osambira a Hamamni, ndipo mu 1883 anamanga nyumba yotchuka ya Beit al-Ajaib. Anakhazikitsa makina osindikizira mabuku a Chiarabu, omwe anatulutsa mabuku a chipembedzo. Anagulanso sitima zapamadzi zomwe zinkanyamula anthu opita ku Hajj kwaulere. Iye anali wa madhhab a Ibadhi, pomwe anthu ake ambiri anali a Shafi'i monga ife, ndipo ankakhala limodzi mumtendere.

Mavuto aakulu anadza kumapeto kwa 1884, pomwe Mjeremani wina, Carl Peters, analowa kumtunda cha ku Usagara n'kumasainitsa mafumu mapepala olembedwa m'chinenero chomwe iwo sankachidziwa. Mu February 1885 mfumu ya Germany inalengeza kuti madera amenewo ali m'manja mwake. Barghash anatumiza dandaulo, ponena kuti maderawo ndi a ufumu wake. Yankho linali sitima zankhondo za Germany zomwe zinadzaima kutsogolo kwa nyumba yake mu August 1885. Angerezi, omwe anawadalira kwa zaka 12, anamulangiza kuti agonje, chifukwa pa nthawiyo ubale wawo ndi Germany unali wofunika kwa iwo kuposa Sultan.

Mu 1886 Britain ndi Germany anagwirizana okha za malire a ufumu wake. Anamusiyira zilumba za Unguja, Pemba, Mafia ndi Lamu, kachigawo ka m'mphepete mwa nyanja yamchere kotalika mailosi 10 okha kulowa kumtunda, ndi matauni angapo a kumpoto monga Kismayu ndi Mogadishu. Kumtunda anakugawana awiriwo. Mu 1887 Apwitikizi nawo anaphulitsa mizinga pa Tungi, kummwera, n'kulanda derali. Barghash anamwalira mu March 1888, ndipo mu 1890 Zanzibar inakhala pansi pa Britain.

Zimenezi zinatikhudza ife mwachindunji. Sultan atachotsedwa kumtunda, amalonda ndi mafumu a kunyanja kuno anatsala opanda wowaimira. Mu 1889 Harry Johnston, pothamangitsana ndi Apwitikizi, anachita pangano ndi Jumbe ku Nkhotakota, ndipo mu 1891 dziko lino linakhala pansi pa Angerezi. Kutsidya kwa nyanja kunagawidwa pakati pa Apwitikizi ndi Ajeremani. N'chifukwa chake lero Ayao amtundu umodzi ali m'Malawi, Mozambique ndi Tanzania, ndipo kukazonda achibale kumafuna chiphaso.

Abale ndi alongo, tikamawafotokozera ana athu mbiriyi tiwauze zonse ziwiri. Barghash anasiya madzi, mabuku ndi mwayi wa Hajj kwa osauka. Koma ufumu wake unamangidwa pa malonda omwe anali ndi misozi ya anthu, ndipo chitetezo chake chinali m'manja mwa mlendo yemwe anali ndi zofuna zake. Tsiku lomwe zofunazo zinasintha, panalibe womuimira. Ifenso tikamamanga mizikiti, madrassa ndi mabizinesi athu, tizidzifunsa kuti chumacho chachokera kuti, ndipo wothandizayo akadzachoka ntchitoyo idzaima ndi chiyani. Allah atipatse rizki la halal ndi nzeru zodziimira patokha. Ameen.