Joseph Bates: Kaputeni Amene Anasandutsa Moyo Wake Umboni

Ambiri a ife timamudziwa Joseph Bates ngati mmodzi wa anthu atatu amene anayambitsa mpingo wa Seventh-day Adventist, pamodzi ndi James ndi Ellen White. Chimene sitimva kawirikawiri n'chakuti atakalamba anakhala pansi n'kulembera achinyamata mbiri ya moyo wake. Kuyambira 1858 mpaka 1863 nkhanizo zinkatuluka m'magazini ya achinyamata ya Youth's Instructor, ndipo mu 1868 zinasonkhanitsidwa kukhala buku. Munthu amene ankadziwa kutambasula maulosi a Danieli anaona kuti achinyamata akufunikanso kumva mmene Mulungu anayendera naye.

Bates anabadwa pa 8 Julaye 1792 ku Rochester, m'chigawo cha Massachusetts ku America, ndipo anakulira kufupi ndi doko la New Bedford. Mtima wake unali panyanja. Mu 1807, ali ndi zaka pafupifupi 15, makolo ake anamulola kukwera sitima ngati mnyamata wotumikira, poganiza kuti ulendo umodzi umukwana. Pa ulendo womwewo anagwa kuchokera pamlongoti n'kugwera m'nyanja, pamene nsomba yolusa ya shaki inali itatsatira sitimayo. Anamuvuula ali wamoyo. Pa ulendo wina sitima yawo inawomba chimwala cha madzi oundana usiku, koma sinamire.

Mu 1810, ali ku Liverpool, anagwidwa n'kukakamizidwa kugwira ntchito m'sitima zankhondo za Britain. Nkhondo ya 1812 itabuka pakati pa Britain ndi America, anakana kumenyana ndi dziko lake, ndipo anasanduka mkaidi. Anakathera kundende ya Dartmoor, kumene mu Epulo 1815 asilikali anawombera akaidi n'kupha ena. Anafika kwawo chaka chomwecho, patapita zaka zisanu ali m'manja mwa eni.

Pa zonsezi Bates sanali Mkhristu, ndipo polemba sanabise zimenezo. Apa mpamene umboni wake umatigwira mtima: Mulungu anamusunga nthawi imene iye sankamufuna n'komwe.

Mu 1818 anakwatira Prudence Nye, ndipo posakhalitsa anakwezedwa kukhala kaputeni. Ataona mmene mowa unkawonongera amalinyero, anasiya mowa waukali mu 1821, kenako vinyo ndi fodya. Komabe kusiya mowa sikunamupatse mtendere wa mumtima. Mu 1824, polongedza katundu wa ulendo, Prudence anaika Chipangano Chatsopano pamwamba pa mabuku ena m'bokosi la mwamuna wake. Bates anayamba kuliwerenga ali pakati pa nyanja. Pa ulendo womwewo mmodzi wa amalinyero ake anadwala n'kumwalira, ndipo monga kaputeni anayenera kutsogolera mwambo womuponya m'nyanja. Imfa imeneyo inamusowetsa tulo, mpaka anadzipereka kwa Khristu. Anabatizidwa mu 1827, ndipo pa ulendo wake wotsiriza analetsa mowa ndi kutukwana m'sitima, nayambitsa mapemphero a tsiku ndi tsiku.

Anasiya ntchito ya panyanja mu 1828 ali ndi chuma chokwana kudya mpaka ukalamba. Mu 1839 analandira uthenga wa William Miller wa kubweranso kwa Yesu, ndipo anathera chumacho poulalikira. Pa 22 Okutobala 1844 Yesu sanabwere monga ankayembekezera. Bates anatsala wosauka ndi wosekedwa, koma sanataye chikhulupiriro. Mu 1845 anawerenga zimene T. M. Preble analemba za Sabata la tsiku lachisanu ndi chiwiri, anafufuza m'Baibulo, nayamba kulisunga.

Mu 1846, akuyamba kulemba kabuku ka Sabata, m'thumba mwake munali kakobidi kamodzi kokha. Mkazi wake atapempha ufa woti amalizire kuphika buledi, anagula mapaundi anayi okha, ndipo ndalama inathera pomwepo. Prudence, amene anazolowera kuona mwamuna wake akugula zinthu m'migolo, analira atamva kuti m'nyumba mulibenso kanthu. Tsiku lomwelo Bates anapeza kalata ku positi ofesi, ndipo munali madola 10 ochokera kwa munthu amene anamva mumtima kuti akusowa thandizo. Kabukuko kanasindikizidwa mu Ogasiti 1846. James ndi Ellen White atakawerenga anayamba kusunga Sabata. Uthenga umenewo ndi umene unadzafika ku Malamulo mu 1902.

Tisaganize kuti kalata ija inatsegula khomo la chuma. Bates sanalemerenso. Mwana wake woyamba anamwalira ali wakhanda, wina anafera panyanja ali wamkulu, ndipo Prudence anatsogola mu 1870. Iye anamwalira pa 19 Malichi 1872 ku Battle Creek, ali ndi zaka 79, atalalikira pafupifupi mpaka kumapeto.

Ife ophunzira nthawi ya maumboni ikafika pa mapemphero otsegulira Sabata, ambiri timaweramitsa mitu. Timaganiza kuti umboni ndi wa iwo amene anachira mozizwitsa kapena amene fizi yawo inalipiridwa ndi munthu wosamudziwa. Ena timaopa kuoneka odzitama, ena timakometsera nkhani kuti anthu awombe m'manja. Bates akutiphunzitsa njira ina. Anafotokoza zimene zinachitika, malo ake ndi nthawi yake, osasiya zaka zimene anali kutali ndi Mulungu. Sanaiwale dzanja laling'ono limene Mulungu analigwiritsa ntchito, la mayi woika buku m'bokosi. Ndipo ankanena za ubwino wa Mulungu m'thumba muli mbee.

Mnzathu wogona naye chipinda chimodzi akhoza kutsutsa chiphunzitso chathu mpaka tambala woyamba, koma n'kovuta kuti atsutse zimene tinaziona ndi maso athu. Mwina sitinagwere m'nyanja, koma aliyense wa ife ali ndi pamene anavuulidwa. Tikapanda kuzinena ife eni, palibe wina amene adzatinenere.