Hannes Alfvén ndi Mafunde Amene Anthu Ankawakana

Hannes Alfvén anabadwira ku Norrköping, m'dziko la Sweden, mu 1908. Mu 1942 analemba kuti plasma, mpweya wotentha wokhala ndi magetsi ngati umene umachoka ku dzuwa, umanyamula mafunde otsata mphamvu ya maginito. Asayansi ambiri sanamukhulupirire, ndipo magazini ena ankabweza zolemba zake, koma iye sanagwe ulesi. Mu 1970 analandira mphoto ya Nobel. Mu 1971 akatswiri atasanthula zimene chombo cha Mariner 5 chinayeza pa ulendo wa ku Venus, anawapezadi mafundewo m'mlengalenga. Anamwalira mu 1995. Ife amene lero timangowerenga za mafunde a Alfvén m'mabuku, tisaiwale kuti mwini dzinali anadikira zaka zambiri asanamvedwe.