A John Fisher, Mkulu Amene Anataya Zombo Zakale

Pamene a John Fisher anakhala mkulu wa asilikali a pamadzi a dziko la Britain m'caka ca 1904, anapeza zombo zankhondo zambirimbiri, koma amalinyero oziyendetsa anali operewera. Zambiri mwa zombozo zinali zakale, zongodya ndalama ndi kutsekereza anthu kumadoko akutali.

Mkuluyu anabadwira ku Ceylon mu 1841, nayamba nchito ya pamadzi ali ndi zaka 13. Sanali munthu wonyengerera. Anacotsa zombo pafupifupi 150, ndipo amalinyero ake anawagawa m'zombo zosungidwa kumudzi, kagulu kocepa pa combo ciriconse, kuti nkhondo ikabuka angoonjezerapo ena n'kunyamuka.

Mu 1906 anatulutsa combo ca Dreadnought, ca mizinga ikuluikulu 10. Mphamvu zake zinakalambitsa zombo zina zonse, za Britain zomwe, ndipo Germany nayo inayamba kupanga zake.

Adani anawaculukira, makamaka a Charles Beresford, ndipo anapuma mu 1910. Anaitanidwanso mu 1914, koma atasemphana ndi a Winston Churchill pa za nkhondo ya ku Dardanelles, anatula pansi udindo mu 1915. Anamwalira mu 1920.