Michael Faraday, Wosoka Mabuku Amene Anadziphunzitsa Kuganiza

Magetsi amene acokera ku Kariba ndi ku Kafue Gorge apangidwa potsata lamulo limene linapezedwa ndi munthu wosapita patali ndi sukulu. Munthuyo anali Michael Faraday, mwana wa wosula zitsulo, wobadwira kufupi ndi London pa 22 Seputembala 1791.

Banja lao linali losauka, ndipo kusukulu anangodziwako kuwerenga, kulemba ndi masamu ocepa. Mu 1805, ali ndi zaka 14, analowa nchito yophunzira kusoka mabuku kwa George Riebau, pa pangano la zaka 7. Mabuku amene anali kudzera m'manja mwake, iye anayamba wawawerenga.

Limodzi mwa iwo linawongola moyo wake wonse. Linali buku la mbusa Isaac Watts lochedwa The Improvement of the Mind, limene lilangiza wofuna nzeru kusunga kabuku kolembamo zimene waona, kupita kukamvera akatswiri, kulemberana makalata ndi anzake, ndiponso kusafulumira kuvomera nkhani asanaiyese. Ambiri akawerenga malangizo otere amangoyamikira n'kuiwala. Faraday anawacita onse, limodzi ndi limodzi. Mu 1810 anayamba kupita ku maphunziro a madzulo a John Tatum, mkulu wake Robert ndiye anali kumlipirira. Mu 1812 anayamba kulembera mnzake Benjamin Abbott makalata aatali, colinga cake cikhala kuzoloweza dzanja ndi mutu kufotokoza cinthu momveka.

M'caka comweco anapatsidwa matikiti okamvera katswiri Humphry Davy ku Royal Institution. Analemba zonse zimene anamva, nazikonza bwino, nazisoka kukhala buku la masamba oposa 300, nalitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha nchito. Mu 1813 anamlemba kukhala wothandiza m'nyumba yoyeseramo mankhwala, pa malipiro a masheleni 25 pa mlungu.

Ciyambico sicinali cokoma. Pa ulendo wa ku France ndi ku Italy, kuyambira 1813 kufikira 1815, Faraday anasanduka wanchito wosamala zovala za bwana wake, ndipo mkazi wa Davy anamnyoza kolimba, kotero kuti mnyamatayo anaganiza zobwerera ku mabuku ake. Anapirira, napitiriza kulemba zonse zimene anaona. Mu 1821 anaonetsa kuti magetsi angathe kuzunguza waya mozinga maginito, cimene cinakhala ciyambi ca makina oyenda ndi magetsi. M'malo mwa ciyamiko, ena anamneneza kuti waba maganizo a William Wollaston, ndipo Davy yemwe anayesa kutsekereza kuti asalowe m'bungwe la Royal Society. Analowabe mu 1824.

Pa 29 Ogasiti 1831 anakulunga mawaya awiri pa mphete ya citsulo, naona kuti magetsi aoneka m'waya waciwiri pa nthawi yokhayo imene ayatsidwa kapena kuzimitsidwa m'waya woyamba. Zimenezi anali ataziyesa kangapo zaka za m'mbuyo osaphula kanthu, koma zolepherazo zinali zolembedwa m'buku lake monga momwe analembera zopambana. Ndime za m'mabuku akewo anazipatsa manambala, ndipo zinapitirira 16,000. Masamu akuya sanawadziwe. Anali kuona mphamvu ya maginito m'maganizo mwake ngati mizere yodzaza mlengalenga. Akatswiri ambiri sanailabadire mizereyo, kufikira James Clerk Maxwell anaiika m'masamu naonetsa kuti Faraday anaona zoona.

Mu 1854, polankhula za maphunziro, anaphunzitsa kuti munthu amafulumira kukhulupirira cimene mtima wake ufuna, ndi kuti nchito yaikulu ya wophunzira ndiyo kudziweruza yekha. Cikhalidwe cimeneci cinagwirizana ndi mpingo wake waung'ono wa Sandemanian, umene unali kukana kudziunjikira cuma. Cifukwa cake anacepetsa nchito zoyesera katundu wa amalonda, zimene zikadamlemeretsa, kuti nthawi yake ipite ku kufufuza. Anakana upulezidenti wa Royal Society, ndipo boma litamfunsa za mpweya wa poizoni wogwiritsa nchito pa nkhondo ya ku Crimea, anakana kutengamo mbali.

Kuyambira 1839 thanzi lake linafooka ndipo anayamba kuiwalaiwala; apa mabuku aja anakhala cikumbukiro cake. Mfumukazi Victoria inampatsa nyumba ku Hampton Court, kumene anamwalira pa 25 Ogasiti 1867. Sanafune kuikidwa pakati pa ochuka ku Westminster Abbey. Manda ake ali ku Highgate, kumene mkazi wake Sarah anadzagonanso pambali pake.