Malemu Daniel Kachamba: Bokosi, ndodo ndi chingwe

Anzanga a m'kalabu, mwezi uno ndasankha kukumbutsa za malemu Daniel Kachamba, amene makolo athu kuno ku Mecanhelas ankawamvera pa wailesi ya MBC.

A Kachamba anabadwa mu 1947 ku Limbe m'dziko la Malawi. Ali mnyamata anakakhala ku Salisbury, komwe lero timati Harare, ndipo n'kumene anatengera nyimbo za kwela zochokera ku Joni. Atabwerera kwawo, mudzi wa Singano ku Chileka, anayambitsa bandi ndi mng'ono wawo Donald pamodzi ndi anyamata ena.

Koma taonani zida zake. Gitala anali wa a Daniel, Donald ankaliza chitoliro ali kamwana ndithu. Besi ndiye inali yopanga okha: bokosi lamatabwa, ndodo imodzi, chingwe chimodzi, basi. Ukakoka ndodo chingwe n'kulimba, mawu amakwera. Ukatayirira, amatsika. Wina ankagwedeza maseche. Ndi zomwezo ankaimba m'misewu ya Blantyre anthu n'kumaponya makobili.

Mu 1967 anakumana ndi Gerhard Kubik wa ku Austria, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, amene anawajambula kanema. Pofika 1972 a Daniel anakaimba mpaka ku Ulaya. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Donald anapitiriza ntchitoyo, mu 1999 anakaphunzitsa pa yunivesite ya UCLA ku America, iyenso anatisiya mu 2001.

Chandilembetsa ndi ichi. Pasukulu pomwe amapita mwana wanga wa giredi 1, nthawi yoimba ana amangowomba m'manja, akuti zida palibe. Chonsecho ana omwewa madzulo amakhoma banjo ya chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga, ife makolo n'kumawakalipira kuti aononga chigubu. Inenso ndinaphwanyapo imodzi, ndisaname.

Sabata yatha ndinakapempha aphunzitsi kuti tiyese, ndipo anavomera. Tinaika timiyala m'zitini zotsekera, tinasoka chisekese cha udzu ndi tinjere m'kati, pa chitini chachikulu tinakunga chikopa cha mbuzi. Besi yokha ndi imene yatsala chifukwa bokosi lolimba latisowa. Amene ali nalo, kaya ndi la pulayi, abwere nalo ku msonkhano wa Loweruka. Chingwe ndibweretsa ndine.