Simon Nkoli: womenyera ufulu amene sadadzibise

Mabanja ambiri ku Nkhotakota ali ndi abale ku South Africa, dziko lokhalo mu Africa limene limalola ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha. Mmodzi mwa anthu amene adalambula njira ya lamuloli ndi Simon Nkoli.

Nkoli adabadwira ku Soweto mu 1957. Boma la azungu lidamumanga mu 1984 polimbana ndi tsankho, ndipo iye ndi anzake 21 adazengedwa mlandu woukira boma ku Delmas, mlandu umene ukadatha kuwanyongetsa. Ali m'ndende adaululira anzakewo kuti amakonda amuna anzake. Ena adakwiya mpaka kufuna kuti aweruzidwe payekha, koma pamapeto pake adamulandira.

Khothi lidamupeza wosalakwa mu 1988. M'chaka chomwecho adayambitsa bungwe la GLOW, ndipo mu 1990 adatsogolera nawo zionetsero zoyamba za anthu otere mu Johannesburg. Malamulo oyendetsera dzikolo a 1996 adaletsa kuwasala.

Adamwalira ndi Edzi pa 30 November 1998. Lamulo la maukwatiwa lidayamba kugwira ntchito pa 30 November 2006. Ku Malawi, khothi lidagamula mu 2024 kuti lamulo loletsa amuna kugonana okhaokha, lomwe chilango chake chimafika zaka 14, likhalebe.